Mwana Akalirira Buku la Chilombo

 Pali funso limene ndalimva kangapo pakati pa makolo a kumudzi amene tikulerera ana mumzinda uno wa Johannesburg. Kodi mwana wa zaka zinayi kapena zisanu angasiyidwe kuti adzisankhire yekha buku? Nanga akasankha la chilombo cha mano panja, kholo lichite chiyani? Ambiri amayankha msanga kuti mwana alibe nzeru zosankhira, ndiponso kuti buku loopsa limalotetsa zoipa. Ine ndimaona mosiyana. Mwana asankhe yekha, ndipo akasankha choopsa, ntchito ya kholo ndi kukhala pambali pake kufikira nkhaniyo ithe kapena iye mwini anene kuti yakwana.

Ndiyambe ndi mawu, pakuti ndiwo amatisonkhanitsa. Chinenero chathu chili ndi aneni atatu otuluka pa tsinde limodzi: kuopa, kuopsa ndi kuopseza. A ku Lusaka amati kuyopa, koma tsinde ndi lomwelo. Kuopa kumachitika m'kati mwa munthu. Kuopsa ndi mkhalidwe wa chinthu, monga mtsinje wosefukira umakhala woopsa ngakhale pasakhale wouona. Kuopseza ndi ntchito ya munthu amene akufuna kuti mnzake achite mantha kuti amugonjere. Makolo ambiri timasakaniza atatuwa. Tichotsa buku loopsa m'manja mwa mwana masana, madzulo omwewo n'kumuopseza kuti akapanda kutsiriza nsima timuitanira apolisi, kapena kuti fisi ali panja akumvetsera. Chovulaza mwana ndi chachitatuchi. Nthano yoopsa imauza mwana kuti fisi alipo koma Kalulu anamuposa nzeru. Kuopseza kumamuuza kuti fisi alipo, ndipo amayi ake omwe ndi amene amutsegulire chitseko.

Taonaninso kuchuluka kwa mawu amene tili nawo onena za mantha. Timati thupi lachita tsemwe, nkhongono zazizira, mtima uli phaphapha, munthu wagwidwa nthumanzi, wachita chinthenthe, ali njenjenje. Timati kunja kuli bii, m'mudzi muli zii, kuthengo kwamveka tswatswa. Mtundu wa anthu umene unasula mawu ochuluka chotere sunali kubisira ana ake mantha. Mwana amaphunzira mawu amenewa m'nthano, ndipo tsiku limene chinthu chenicheni chidzamuzizira nkhongono, adzakhala ndi potchulira chimene akumva. Mwana wopanda mawu otchulira mantha amangolira, kapena amangokhala duu, kholo n'kumaganiza kuti zonse zili bwino.

Amene tinakulira kumudzi tikumbukire chimene agogo athu ankatisimbira. Ine ndinakulira m'boma la Dedza, ndipo nthano yoyamba imene inandigwetsa misozi inali ya Kamdothi. Mayi wosabala aumba mwana ndi dothi, mwanayo akhala wamoyo, amuchenjeza kuti mitambo ikachita bii azithawira kunyumba. Tsiku lina mvula imupeza ali patali, athamanga, koma asungunuka amayi ake akuona. Palibe pamene agogo anaikonza nthanoyo kuti Kamdothi apulumuke. Ina inali ya Sikusinja ndi Gwenembe, imene J. W. Gwengwe anailembanso m'buku: abale awiri achoka kukagwira ntchito kutali, pobwerera wina apha mnzake chifukwa cha chuma, koma kambalame kamutsata kakuimba za mlanduwo, akakapha kadzukanso, mpaka kukafika kumudzi. Tinali ana a zaka zisanu, zisanu ndi chimodzi, tikumva za mbale wopha mbale wake. Ndipo mawa lake tinkapempha yomweyo.

Chimene chinkatiteteza chinali mpanda umene unazinga nthanoyo. Inkanenedwa madzulo, anthu atadya, pamoto, ana tili mulu umodzi. Wosimba ankati padangokhala, ife n'kuyankha kuti tili tonse, ndipo mawu awiriwa tinkawabwereza pa mpumulo uliwonse wa nkhani. Lingalirani tanthauzo lake. Pamene chilombo chikuyandikira, mwana akutchula ndi pakamwa pake kuti sali yekha, ndipo akumva anzake akutchula zomwezo. Pofika poopsa penipeni pankabwera nyimbo, tonse n'kuvomereza, mantha n'kutulukira m'kuimba. Pomaliza wosimba ankatseka nthano poyera, kwathu ankatituma kukaphula mbatata pamoto ife n'kuyankha kuti yapserera, ndipo aliyense ankadziwa kuti chilombo chatsekeredwa m'kati. Abale a ku Zambia mukukumbukira Julius Chongo ndi pulogalamu yake ya pa wailesi ya Poceza m'Madzulo. Nkhani zake sizinali zopanda mano, koma mabanja ankazimvera pamodzi, atazungulira wailesi imodzi.

Chitsanzo china chili pabwalo la gule. Kaya munthu amavomereza Gule Wamkulu kaya mpingo wake umamuletsa, amene anaonapo guleyu m'midzi ya ku Dedza, Katete kapena Angonia adziwa zimene ana aang'ono amachita. Chilombo chikatulukira, ana amati balala. Pakapita kanthawi mudzawaona akubwerera pang'onopang'ono, wina wabisala kuseri kwa nkhokwe, wina wagwira chitenje cha amayi ake n'kumasuzumira ndi diso limodzi. Palibe wamkulu amene amawayezera mtunda woti aime. Mwana aliyense amadziyezera yekha, ndipo chaka chamawa amaima pafupi kuposa chaka chino. Bungwe la UNESCO linalemekeza guleyu mu 2005 monga chuma cha anthu a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia, ndipo amaonekera pa mwambo wa Kulamba ku Mkaika, m'boma la Katete, kumene Achewa a maiko atatu amakumana kwa Kalonga Gawa Undi. Koma phunziro limene ine ndinatengapo ndi la ana aja. Mwana amadziwa mtunda wake ndi chinthu choopsa, malinga ngati pali chitenje choti agwire.

Tsono ana athu obadwira ku Johannesburg alibe bwalo, alibe moto wa madzulo, ndipo agogo awo amawaonera pa WhatsApp. Ambiri tikukhala m'chipinda chimodzi kapena ziwiri, geti limakhomedwa dzuwa lisanalowe, mwana sangapite kukacheza kwa anzake kukada. Chimene chatsala m'malo mwa agogo ndi buku, ndi kholo lotopa lobwera kuntchito. N'chifukwa chake laibulale ndi chinthu chachikulu kwa ife. Laibulale yaikulu ya mzinda uno, imene ili pa Beyers Naudé Square, inatsegulidwa mu 1935, koma anthu akuda analoledwa kulowamo mu 1974. Agogo athu amene ankabwera kumigodi kudzera ku Wenela ankadutsa pafupi ndi nyumba imeneyo osaloledwa kukhudza buku ngakhale limodzi. Chaka chomwecho cha 1974 ndi chimene ndege yonyamula anthu a kumigodi obwerera ku Malawi inagwa ku Francistown, Kamuzu Banda n'kuletsa Wenela kulemba anthu. Ndikaona mwana wanga akuyenda pakati pa mashelefu, akutulutsa buku ili n'kubweza, akutenga lina, ndimakumbukira kuti akuchita chinthu chimene azigogo ake anamanidwa mumzinda womwe uno. Sindifuna kukhala ine womumananso.

Palinso chifukwa china. Kafukufuku wa PIRLS wa 2021 anapeza kuti ana 81 mwa ana 100 aliwonse a Giredi 4 m'dziko la South Africa satha kuwerenga ndi kumvetsa zimene awerenga, m'chinenero chilichonse. Ana athu amaphunzira m'sukulu zomwezo, ndipo ambiri akulimbana ndi zinenero zitatu nthawi imodzi: Chichewa kunyumba, Chizulu kapena Chisutu pamsewu, Chingerezi m'kalasi. Mwana wotere adzadziwa kuwerenga ngati abwerera ku buku kawirikawiri mwa kufuna kwake. Ndipo buku limene mwana amabwererako ndi limene anadzisankhira. Limene munamusankhira inu chifukwa lili ndi phunziro labwino amalimvera mwaulemu kamodzi, n'kuliiwala pansi pa bedi.

Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka zisanu. Ndimamuitana kuti amayi, popeza anatenga dzina la malemu mayi anga. Loweruka lililonse limene sindili pantchito timapita ku laibulale ya m'dera lathu, ndipo pangano lathu ndi lakuti iye asankhe mabuku atatu ku mbali ya ana, ine ndisankhe limodzi. Tsiku lina anabwera atakumbatira buku la nthano ya Tselane, imene Asutu ndi Atswana amasimbira ana awo. Pachikuto panali Dimo, chimphona chodya anthu, thumba lili paphewa. Nthanoyo imati Tselane anatsala yekha m'nyumba, amayi ake ankamubweretsera chakudya n'kumuimbira pakhomo kuti atsegule. Dimo anayesa kuimba koma mawu ake anali okhuthala, ndipo mtsikanayo anakana. Kenaka anameza chitsulo chamoto kuti mawu achepe, Tselane n'kutsegula, chimphonacho n'kumuponya m'thumba. Ndinamufunsa kuti, "Amayi, mwaliona bwino limeneli?" Iye anati, "Ndaliona, adadi. Ndikufuna ndione ngati amudye."

Bukulo linali la Chingerezi, choncho ndinkayang'ana masamba n'kumasimba m'Chichewa, kuyambira pa padangokhala, iye n'kumavomera. Usiku woyamba, titafika pamene Dimo waima pakhomo, anaika chikhatho chake pa chithunzi, kuphimba kukamwa kwa chimphona, n'kunena kuti, "Pitirizani, koma musamuonetse." Ndinapitiriza. Tinafika pamene Tselane apulumutsidwa, m'thumba muja n'kuikidwamo zoluma ndi zobaya, Dimo n'kudzilanga yekha potsegula thumba lake. Anapumira m'mwamba, n'kuti tiyambirenso. Usiku wachiwiri chikhatho chinali pomwepo koma zala zinali zotalikirana. Usiku wachinayi anandilanda mawu a Dimo, akukhuthalitsa mawu kenaka n'kuwachepetsa, akuseka. Sabata isanathe ndinamupeza ataika chidole m'chikwama cha pilo, akuchinyamula paphewa, kenaka akuchipulumutsa yekha. Ndipo tsiku lina anauza amayi ake kuti Tselane akanayang'ana kaye mapazi pansi pa chitseko asanatsegule. Lamulo loti asatsegulire munthu aliyense chitseko tinali titamuuza kambirimbiri. Anadzalimvetsa ndi mtima wake kudzera mwa Dimo.

Patapita masabata angapo anasankha buku lina lopanda chilombo ngakhale chimodzi. Linali la mitundu yowala, lonena za kamnyamata kamene kanapita kumsika ndi amayi ake n'kusochera pakati pa anthu. Titangofika tsamba lachitatu, pamene kamnyamatako katembenuka n'kupeza amayi ake palibe, analitseka yekha n'kuliika pansi pa mabuku ena. Ndinamuuza kuti kumapeto amayi akewo apezeka. Anati, "Ayi adadi, mukalibweze." Ndinakalibweza, ndipo mpaka lero sanalitengenso. Wamkulu aliyense woyang'ana zikuto ziwirizi akanachotsa la Dimo n'kusiya la kumsika. Koma mwanayu amayenda nafe pakati pa chipwirikiti cha pa renki ya matekisi ya Bree, dzanja lake lili m'dzanja langa, ndipo amadziwa kuti kusochera kungamuchitikire mawa lomwe. Dimo ali kutali, msika uli pafupi. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Chimene chikuopsa mwana amachidziwa ndi mwanayo, ndipo nthawi zambiri sichikhala chimene ife timaganizira.

Mphunzitsi wina wa ku France, Daniel Pennac, analemba mu 1992 mndandanda wa maufulu khumi a munthu wowerenga. Mwa iwo muli ufulu wodumpha masamba, ufulu wosatsiriza buku ndi ufulu wowerenganso lomwe lija. Maufulu atatuwa ndiwo zida zimene mwana amagwirira mantha. Akaphimba chithunzi wadumpha, akatseka buku wakana, akapempha kubwereza akuyesa mphamvu zake pa chilombo chimene akudziwa kale mathero ake. Ndi mtunda uja wa pabwalo la gule, koma tsopano akuuyeza ndi chikhatho pa pepala. Ndipo si ife tokha tinatsutsanapo za nkhaniyi. Pamene Maurice Sendak anatulutsa buku lake la zilombo, Where the Wild Things Are, ku America mu 1963, akuluakulu ena anadandaula kuti liopsa ana. Ana analikonda, ndipo chaka chotsatira linalandira mendulo ya Caldecott.

Pali mawu otsutsa amene ndimawalemekeza kwambiri, chifukwa amachokera kwa anthu amene anaona zoopsa ndi maso. Mayi wina wa kwathu, amene wakhala kuno zaka zoposa makumi awiri, anandiuza kuti mwana wa mlendo ali nawo kale mantha okwanira, sitiyenera kumuonjezera ena. Akunena zoona za mzinda uno. Mu May 2008 ziwawa zothamangitsa alendo zinayambira ku Alexandra n'kufalikira madera ena, ndipo anthu 62 anafa. Mu September 2019 masitolo anatenthedwa ku Jeppestown ndi ku Malvern. Pa 31 August 2023 nyumba ya Usindiso ku Marshalltown inapsa usiku, anthu 76 anafa, pakati pawo pali ana ndiponso Amalawi anzathu. Ana athu zimenezi amazimva. Amamva tikunong'onezana, amamva mawu olira otumizidwa pa foni, amaona nkhope zathu zikusintha galimoto ya apolisi ikachepetsa liwiro, amamva dzina lachipongwe limene anzawo ena amawatchula kusukulu.

Yankho langa kwa mayi uja linali lakuti mantha amenewa alibe tsamba lomaliza. Palibe amene amawatsegula ndi padangokhala, palibe amene amawatseka, ndipo kawirikawiri makolo sitiwafotokoza, poganiza kuti mwana sakumva. Mwanayo amangowasenza opanda dzina. Nthano yoopsa ndi malo okhawo amene mwana wa zaka zisanu amakumana ndi mantha okhala ndi chiyambi, pakati ndi mathero, ali pamiyendo pa munthu womukonda. Amamva mtima ukugunda, amamva ukubwerera m'malo, ndipo amadziwa kuti zimenezi zimatheka. Buku silingazimitse moto wa ku Marshalltown, ndiponso silingasinthe mtima wa munthu wodana ndi alendo. Koma mwana amene anaonapo kambirimbiri wamng'ono akupulumuka m'thumba la wamkulu ali ndi kanthu kena m'mtima kamene mnzake wobisiridwa zonse alibe.

Ena amatsutsa chifukwa cha chikhulupiriro. Amati mabuku a zimphona ndi mizukwa amatsegulira ufiti khomo. Banja lililonse lili ndi ufulu woika malire ake, ndipo sindingalowerere pa chikumbumtima cha munthu. Ndingokumbutsa kuti nkhani zimene ana amazikonda koposa ku Sande sukulu ndi zoopsa zomwe: Davide pamaso pa Goliati, Danieli m'dzenje la mikango, Yona m'mimba mwa chinsomba. Abale athu Achisilamu amasimbira ana awo za Yusufu woponyedwa m'chitsime ndi abale ake. Palibe mphunzitsi wa ana amene amachotsa mikango m'dzenje kuti ana asaope, chifukwa akatero nkhani ya chipulumutso yatha mphamvu. Ngati banja likana buku la mfiti, likane, koma lisakane mantha onse pamodzi.

Ndiponso tisaiwale zimene mantha osazindikirika anachita kwathu. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinafalikira ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo. Anthu ankagona panja m'magulu, misewu inatchingidwa, anthu osalakwa anaphedwa powaganizira kuti ndi opopa magazi, mpaka bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma ena. Amene anachita zimenezi anali akuluakulu. Mphekesera ndi nthano imene yavula chizindikiro chake, ikuyenda masana ngati nkhani yoona. Agogo athu ankatiletsa kusimba nthano masana, ndipo ndikakumbukira lamulo limenelo tsopano ndimaona nzeru yake: nthano inali ndi nthawi yake ndi malo ake, kuti isasakanikirane ndi nkhani za kumunda ndi za kubwalo la milandu. Mwana amene wazolowera kutsegula ndi kutseka buku loopsa akuphunzira kufunsa funso limene lidzamuthandize moyo wake wonse, lakuti ichi n'chopeka kapena n'choona.

Apa ndiyenera kusiyanitsa buku ndi foni, chifukwa makolo ena amene amaletsa buku la chilombo ndi omwewo amapatsa mwana foni kuti akhale chete. Kanema wa pa YouTube kapena TikTok akatha, wina amayamba yekha, ndipo mwana sanamusankhe. Chithunzi chimayenda pa liwiro lake, phokoso limabwera modzidzimutsa, chikhatho sichingaphimbe mawu, ndipo kawirikawiri mwana amakhala yekha pakona. Kumeneko kulibe tili tonse. Buku limayenda pa liwiro la mwana. Chilombo cha m'buku chimaima pamene mwana waimitsa, chimalankhula ndi mawu a bambo ake, ndipo chimakula kufikira pamene maganizo a mwanayo angachisenze. Pa zimenezi ndine wouma mtima pa foni ndi womasuka pa buku.

Kumasuka kumeneku kuli ndi malire ake. Mwambi umati mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere imufotere yekha. Nyanga ya nsatsi ikafota, mwana wataya kanthu kochepa n'kupeza nzeru. Koma palibe kholo limene limasemera mwana mpeni chifukwa waulirira. Ntchito yanga ndi kusankha shelefu, ntchito ya mwana ndi kusankha buku. Ndimamutengera ku mbali ya ana a msinkhu wake, ndipo m'menemo ali mfulu. Akatola buku la ana okulirapo lokhala ndi zithunzi za magazi kapena za nkhanza zenizeni, ndimamuuza poyera kuti limenelo lidikire, ndipo ndimamuuza chifukwa chake. Sindimamunamiza kuti bukulo latha kapena kuti a laibulale akana.

Pa kawerengedwe, ndaona zinthu zingapo zothandiza. Buku loopsa latsopano ndi bwino kuliyamba kudakali kowala, kuti pofika usiku mwana akhale atadziwa kale mathero. Mwana akhale pamiyendo kapena chogundana nanu. Mawu a chilombo musawakweze kuposa mmene mwana akufunira. Mukaona waumitsa thupi, chepetsani, mukaona akuseka, onjezerani. Akafuna kuti mupitirize, musalekere pakati poopsa n'kumuuza kuti agone, chifukwa mwamusiya m'thumba la Dimo usiku wonse. Akafuna kuti muleke, lekani, osamunyengerera. Musamuseke, ndipo mnyamata musamuuze kuti mwamuna saopa, pakuti adzangophunzira kubisa. Akalota zoopsa, zimene zimachitika ngakhale kwa ana osawerengerwa buku, mudzutseni bwino, mumufunse chimene waona, mumupatse mawu ochitchulira, ndipo m'mawa mumufunse ngati bukulo likhale kapena libwezedwe. Nthawi zambiri adzakuuzani kuti likhale.

Chimene chimandipweteka ndi chakuti pa mashelefu amene mwana wanga amasankhapo palibe buku la m'chinenero chake. Adzakumana ndi Dimo, adzakumana ndi Gruffalo wa Julia Donaldson, amene mbewa yaing'ono inamupusitsa mofanana ndi mmene Kalulu amapusitsira Njovu, koma sadzakumana ndi Kamdothi pokhapokha wina amulembe. Sitingadandaule kuti dziko la eni silinatisindikizire mabuku, pakuti lili ndi zinenero zake zambiri zoti lisamale. Koma njira zilipo. Ntchito ya African Storybook, imene bungwe la Saide la kuno ku Johannesburg linayambitsa, ili ndi nkhani za ana zaulere pa intaneti, zina m'Chichewa ndi m'Chinyanja, ndipo imalola munthu aliyense kulemba yake kapena kumasulira ya ena. A Book Dash, amene anayamba mu 2014, amasonkhanitsa wolemba, wojambula ndi wokonza masamba kuti apange buku la ana m'maola 12, ndipo mabuku awo ndi ololedwa kumasuliridwa. A Nal'ibali akhala akulimbikitsa kuwerengera ana nkhani m'zinenero za makolo awo kuyambira 2012. Anzathu a zinenero zina akugwiritsa ntchito njira zimenezi.

Pempho langa kwa inu amene mumadziwa kulemba, a mbali zonse za malire, ndi lakuti tilembere ana athu nthano zathu, ndipo tisazichotse mano. Ndaonapo nthano zathu zolembedwanso mofewetsa, fisi atasanduka wopusa wosaluma, Kamdothi atapulumuka pansi pa ambulera, kumapeto kuli mzere wautali wa phunziro. Ana amazindikira msanga nkhani yosuluka. Fisi akhale ndi njala yeniyeni, kambalame ka Sikusinja kadzukenso kachitatu, Napolo atsike m'phiri ndi mkokomo wake wonse. Wa ku Chipata alembe mmene agogo ake ankasimbira, wa ku Ulongwe alembe mmene ankasimbira a kwawo, tisakanganirane za kalembedwe nthano zisanalembedwe. Pa tsamba loyamba pakhale padangokhala, ndipo pansi pake pasiyidwe malo oti mwana ayankhe. Mabuku otere akachuluka, ena oopsa, ena oseketsa, ena omvetsa chisoni, mwana wa ku Rosettenville ndi wa ku Mtendere ndi wa ku Ndirande adzakhala ndi posankhira, ndipo ife makolo tidzangofunika kukhala pansi n'kumupatsa miyendo yathu kuti akhalepo.